Mango oundana a apongozi

Okondedwa amayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga bondo lija lasiya kuvuta? Ine ndili bwino, kungoti kuno kwatentha zoopsa, moti tikungokhalira kudzikupiza ndi makatoni. Azakhali anafika bwino, ndipo alanda kale bedi langa ndi kitchini yomwe.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Mayi ake a mnyamata wanga uja, dalaivala wa basi, anabwera ndi mwana wawoyo Loweruka kudzandiona. Iye anandichenjezeratu kuti mayi akewo ndi ovuta, ndipo akandikana iwo, za ukwati tiiwale. Amayi, mwamunayu ndimamufuna, ndiye mtima unali m'mwamba sabata yonse.

Ndinaganiza zowadabwitsa ndi chinthu chimene timapanga kulesitilanti komwe ndimagwira ntchito, mango oundana. Amakhala ngati ayisikirimu, koma mulibe mkaka. Umasenda mango akupsa bwino, n'kuwagaya, n'kusefa ulusi wonse, kenako umathira shuga ndi madzi a ndimu. Ukaika mufiriji suwasiya okha ayi, umayenera kumawatakasa ndi foloko pafupipafupi kuti asaume ngati mwala. Ndinatakasa Lachisanu lonse mpaka dzanja kuwawa. Anatuluka osalala, achikasu, ndipo nditalawa ndinadziombera m'manja ndekha.

Alendo atatha kudya, ndinapempha azakhali kuti akatenge mbaleyo mufiriji, ine ndipitirize kucheza ndi kusekerera mwaulemu. Anachedwa. Kenako fungo la mango linadzaza pabalaza, ndipo ndinadziwa kuti zinthu zavuta, chifukwa mango oundana sanunkhira choncho. Nditathamangira kukitchini ndinapeza poto ali pamoto, azakhali akuvundula ndi mphamvu zawo zonse, thukuta lili kamukamu.

Anandikalipira monong'ona. Ati ndine mwana wosalangizidwa, phala langa ndinaliiwala mufiriji mpaka lauma gwa, ndipo munthu wamkulu sapatsidwa chakudya chozizira ngati galu. Ati ndiwathokoze chifukwa andichotsa manyazi. Ndisanatsegule pakamwa anali atathira kale m'makapu, nthunzi ili tolotolo, n'kukapereka kwa alendo atagwada. Ine ndinatsalira pakhomo, misozi ili m'maso.

Mnyamata wanga, amene ankadziwa zimene ndinakonza, anapsa lilime n'kuyamba kutsokomola kuti abise kuseka. Ndidzathana naye. Mayi ake anauzira, anamwa pang'ono, n'kuyamba kuyang'anitsitsa m'kapumo, moti ndinayamba kuganiza zoti ndidzakalambira pakhomo panu.

Kenako anaika kapu pansi. Ati atsikana a masiku ano amangowathamangira ndi zozizira za mufiriji, osafunsa n'komwe, pomwe iwo mano awo amawawa akangokhudza chozizira. Ati ine ndine woyamba kuwaganizira. Anapempha kapu yachiwiri, ndipo potsazika anandigwira dzanja n'kunditchula kuti mpongozi wanga. Amayi, ndinasangalala zedi. Azakhali anangondiyang'ana cham'mbali, ndipo mpaka lero akuyenda m'nyumba muno ngati bwana.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Apongoziwo alamula kuti paukwati mlendo aliyense adzamwe phala limeneli, ndipo azakhali ayamba kale kufunsa kumene angabwereke mphika waukulu. Inu ndikudziwa mudzapirira. Vuto ndi abambo, amene satha kusunga mawu m'kamwa. Chonde yambani kuwakonzekeretsa panopa. Tsikulo akadzalandira kapu yawo asadzafunse kuti ichi n'chiyani, adzangouzira n'kumwa.

Mundiperekere moni kwa abambowo, achimwene ndi alamu, komanso amalume ndi ana onse. Bondo lija muzilipumitsa, chifukwa paukwati mudzavina.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Mzime