Makilo Amene Anapita ndi Utsi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Bondo lija likuvutabe mukamakwera masitepe a kusukulu? Kuno tili bwino. Ana akukula ngati tikuwathira feteleza, nsapato za chaka chatha zonse zawathina.

Khalani pansi kaye, chifukwa lero mwapambana mkangano wa zaka makumi awiri. Mukukumbukira mmene munkandikhazika patebulo kundiphunzitsa za mamolu, muyezo uja wa m'kemisitiri, ine ndikukuuzani kuti zimenezo sizidzandidyetsa? Mpaka munanditcha Mutuwouma. Mamolu anu aja apulumutsa ntchito ya alamu anu.

Mukudziwa kuti iwo akhala akuwotcha laimu kung'anjo kuja zaka khumi ndi zinayi. Makiyi a ng'anjo amasunga ndi iwo, ndipo akaweruka amawapachika pamsomali, pamwamba pa makina anga osokera. Mwini malo uja wadwala, ndiye ntchito akuyendetsa ndi mwana wawo. Si munthu woipa ayi, koma amakhulupirira sikelo kuposa anthu. Anagula sikelo yaikulu n'kulamula kuti miyala iziyezedwa polowa, laimu aziyezedwa potuluka.

Ulendo woyamba analowetsa miyala makilo 1,000, panatuluka laimu makilo 570. Wachiwiri chimodzimodzi. Bwana watsopanoyu anaitana alamu anu pamaso pa antchito onse n'kuwafunsa kuti makilo 430 akumagulitsa kuti. Iwo anayankha kuti mwala ukapsa umapepuka, ndi mmene zakhalira chiyambire. Bwana anati moto sudya mwala. Anawalanda makiyi n'kuwapatsa sabata imodzi kuti aulule, apo ayi nkhani ipita kupolisi.

Achimwene, alamu anu anafika kunyumba nsidze zili mbuu ndi fumbi, n'kukhala pakhonde osavula ngakhale jombo. Masiku awiri sanatuluke pageti. Anthu a mumsewu mwathu anali atamva kale, mukudziwa kuti khoma lili ndi makutu.

Tsiku lachitatu ndikusuntha makatoni m'chipinda chosungiramo katundu, ndinapeza kope lanu lija lachikuto chobiriwira, mbewa zitadya ngodya. Ndinalitsegula basi, ndipo ndinagwera patsamba lomwe munalemba ndi inki yofiira kuti, usayerekeze kilo ndi kilo, sandutsa kaye mamolu. Pansi pake panali chitsanzo cha mwala wa laimu.

Ndinachotsa nsalu patebulo n'kutenga choko changa chodulira madiresi. Mwala wa laimu ndi kashiamu kaboneti: kashiamu 40, kaboni 12, maokosijeni atatu a 16, pamodzi 100. Ndiye molu imodzi ya mwala imalemera magalamu 100. Ikapsa imabereka molu imodzi ya laimu, magalamu 56, ndi molu imodzi ya mpweya, magalamu 44, umene umatulukira pachumuni. Makilo 1,000 ndi mamolu 10,000. Kuchulukitsa ndi 56, ndinapeza makilo 560. Makilo khumi apamwamba ofikitsa pa 570 aja amabwera chifukwa miyala sikhala yoyera, mumakhala timchenga tosapepuka pamoto. Ndinawerengera katatu ngati mmene munkandikakamizira. Wakuba wa bwana anali utsi.

M'mawa ndinavala diresi langa labwino n'kupita kuofesi. Bwana anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kufunsa kuti ndimagwira ntchito yanji. Ndinati ndine telala, koma masamu safunsa zimenezo. Ndinamulembera zonse kuseri kwa kalendala yake. Anati zapapepala aliyense angalembe.

Ndiye ndinamuuza kuti asakhulupirire ine. Asankhe yekha miyala, ayeze makilo khumi, aike m'thireyi yachitsulo, alowetse m'ng'anjo, atseke ndi loko wake, kiyi akagone naye. Ndinalemba pakapepala kuti zikatuluka zilemera makilo asanu ndi magalamu 600, kapena kupitirira pang'ono, n'kumusiyira. Sindinakayike ngakhale pang'ono, achimwene. Ndinkadziwa.

Ng'anjo itazizira anatsegula yekha, antchito onse atazungulira. Sikelo inaima pa makilo asanu ndi magalamu 700. Bwana anayang'ana kapepala kanga, anayang'ana sikelo, kenako anakweza maso kuchumuni. Ulemu wake ndimupatsa, anatumiza galimoto kukatenga alamu anu, anawapepesa pamalo pomwe anawanyozera, n'kuwabwezera makiyi m'manja. Mmodzi wa antchito anati kuyambira lero bwana aziyeza utsi, onse anafa nazo nseko.

Tsopano ndikuuzeni chimene ndalembera kalatayi. Mwina mwadzifunsa kale kuti m'chipinda muja ndinkasuntha makatoni chifukwa chiyani. Sindinkasesa ayi. Ndinkafuna matumba a laimu. Masiku awiri aja nanenso ndinkati moto sudya mwala, ndipo ndinawakayikira amuna anga. Ndikulemba izi manyazi atandigwira.

Iwo anaona kuti makatoni asunthidwa, matiresi akale atembenuzidwa, ngakhale chitseko cha kudenga chatsegulidwa. Nkhani itatha anandifunsa mofatsa kuti ndinkafunako chiyani. Bodza ndinali nalo pakamwa, koma ndinanena zoona. Kenako anati bwana anafunika sikelo chifukwa sakuwadziwa, nanga ine amene ndakhala nawo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndinafunikiranji kope?

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Amadya, amandipatsa moni, amaseka ndi ana. Koma makiyi aja sakuwapachikanso pamsomali wanga. Amagona nawo m'thumba la buluku.

Ndapepesa, ndipo ndipitiriza kupepesa. Sinditaya mtima, munthu wanga ndimamudziwa, ngakhale ndinaiwala masiku awiri. Koma inu amakumverani. Chonde muwaimbire Lamlungu likubwerali. Musandiikire kumbuyo, ndinalakwa. Mungowauza kuti mlongo wanuyu mutu wake ndi wouma, amamva mochedwa, koma chimene wamva sachitayanso. Umboni muli nawo, mamolu aja anditengera zaka makumi awiri.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti diresi lawo ndatsala ndi mabatani okha. Ana muwapsompsone m'malo mwanga. Mulungu akusungeni, ndi bondo lanulo. Kope sindikubwezerani, ndalikuta ndi nsalu yatsopano. Msomali uja sindinapachikepo kanthu, ukudikira.

Ndine mlongo wanu,
Mutuwouma