Chitsulo cha m'chiuno mwa achimwene

4 Novembala
Chisanu. Achimwene a Nhia Chue sakudyanso, madzi a mpunga okha. Pempho lawo ndi limodzi: akagone kumanda a asilikali, pakati pa asilikali a ku Amereka omwe achimwenewo ankawatola m'nkhalango za kwathu ku Laos ndege zikagwa. Wailesi ya Chihmong, chilankhulo cha mtundu wathu, yati boma la chigawo chino cha Amereka lalola tsopano. Amene anamenya nkhondo mbali ya Amereka n'kudzakhala nzika, malo alipo. Zaka zonsezi ankadikira tiyambe tatha.

7 Novembala
Ku ofesi ya asilikali akale. Kamtsikana kaulemu, mano mbee. Akuti umboni woti achimwene anamenyadi nkhondo. Umboni wanji? Mapepala tinawotcha tisanawoloke mtsinje wa Mekong pothawa, ukapezeka nawo chinali chipolopolo. Ndati, "Mwanangu, nkhondoyo anaibisa ndi mabwana ako omwe. Umboni uli m'chiuno mwa munthuyo, chidutswa cha bomba, akutsimphina nacho mpaka lero." Kangomwetulira. Chizungu changa n'chotola m'fakitale ya nkhuku, koma kandimva, kasaname.

12 Novembala
Tong Pao wabwera kudzazonda matenda. Yunifomu yogula m'sitolo, nyenyezi mapewa onse. Ku Laos ankatiphikira mpunga ameneyu! Pempho lake la manda omwewo ladutsa kale, poti ali ndi chithunzi ataima pambali pa ndege. Achimwene amuyang'ana n'kuti, "Bwana mkulu, mphika mwausiyira ndani?" Aseka mpaka kutsokomola.

19 Novembala
Achimwene atisiya dzulo m'mawa.

21 Novembala
Ng'oma ndi chitoliro chansungwi tsiku lonse. Akuluakulu a fuko lathu anenetsa: munthu saikidwa ndi chitsulo, mzimu sungakafike kwa makolo. Mabatani tachotsa, dzino lagolide lomwe. Cha m'chiuno achotsa okonza thupi. Chakuda bii, kukula ngati chikhadabo. Alamu a Blia, akazi a malemuwo, achikulunga m'kansalu, akuti, "Alamu, kaonetseni anthu anuwo. Koma chonde, osakatukwana."

22 Novembala
Sindinafike n'komwe kwa kamtsikana kaja. Pakhomo makina ofufuza zitsulo alira. Mlonda wamasula kansalu, wachitembenuza, akuti, "Agogo, ichi n'chidutswa cha bomba. Zankhondo sizilowa muno." Ndati eya, tiye ukanene zomwezo m'katimo, ndi pakamwa pako pomwepo! Wati si ntchito yake. Wandibwezera m'manja. Ndatukwana m'zilankhulo zanga zonse zitatu. Anditulutsa.
Alamu sindinawauze zotukwanazo. Adziwa okha.

24 Novembala
Tawaika kumanda wamba, kuseri kwa msewu waukulu. Malole kudutsa, woimba chitoliro osamveka. Tong Pao wachita sawatcha, mendulo zili ngwengwengwe.
Chitsulo chili m'thumba la jekete. Alamu akuti ndikachitaye mumtsinje. Sinditaya.
Pobwerera ndamuuza mwana wanga Yeng: chitsulo changa cha paphewachi mukadzachotsa, musadzavutike kupita nacho kulikonse.