Masiku asanu ndi anayi amene bambo sanalembe

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mwendo wa amayi uja ukutupabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti maso ayamba kufuna magalasi.

Makope a malemu bambo aja, amene ankalembamo za mvula ndi za kumunda tsiku ndi tsiku, ndamaliza kuwataipa pa kompyuta. Zanditengera miyezi isanu ndi itatu. Tsiku lililonse lili pa mzere wakewake: deti, kenako mawu awo.

Mnzanga wa kuntchito, amene timamutcha Mawaya, anandipeza ndikuwerenga masiku a mvula ndi chala. Anandiseka kuti ndidzapuma pa ntchito ndisanafike ndi pakati pomwe. Ndiye anandiphunzitsa kulembera kompyuta malangizo ochepa chabe: itsegule fayilo ya zimene ndinataipazo, itenge mzere umodzi, ione ngati muli mawu akuti mvula, ipite pa wotsatira, mpaka mizere ithe. Achemwali, ndisanachotse n'komwe chala pa batani, zaka makumi atatu za bambo zinali zitawerengedwa zonse! Ndinachita kudzuka pampando. Zimene iwo analemba mpaka imvi, makina angoziwerenga m'kuphethira kwa diso, osadumpha mzere ndi umodzi womwe.

Koma kompyutayo inadandaula pa mizere ina, yokhala ndi deti lokha popanda mawu. Potaipa paja sindinailabadire, ndinkangokopera. Mawaya anati tiiuze kuti izingoidumpha. Ine ndinakana, ndinati indionetse. Inatulutsa masiku asanu ndi anayi okha, otsatizana. Taganizani, munthu amene analemba ngakhale tsiku la maliro a agogo, ngakhale ali gone m'chipatala! Loyamba mwa masikuwo ndi lija ndinachoka pakhomo titakangana ndi bambo, iwo osatuluka n'komwe kudzandiperekeza.

Zaka zonsezi ndakhala ndikuganiza kuti kuchoka kwanga sikunawakhudze.

Pempho langa ndi limodzi. Inu munali pakhomo nthawi imeneyo. Mukhale pansi ndi amayi, mukumbutsane, mundilembere zimene bambo ankachita masiku amenewo. Musakometse pondimvera chisoni. Ngati anangogwidwa ndi malungo, nenani choncho, ndine wamkulu tsopano. Mizere imeneyo ndaisiya yopanda kanthu mpaka yankho lanu lifike.

Mundiperekere moni kwa amayi, alamu, azakhali ndi adzukulu onse.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira