Dzina la Bambo Aang'ono

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko. Kuno tilipo, kupatula miyendo ya amayi.

Anzanga a zamalamulo andisankha kuti ndidzawalankhulire tsiku lolandira madigiri. Dzulo ndikulemba zokalankhulazo ku Matawale, anatulukira bambo aang'ono, omwe aja anatilanda nyumba ya ku Sadzi bambo athu atamwalira, n'kusiya amayi m'kanyumba kakuseri. Suti yodzavala tsikulo agula kale.

"Aloya athu! Pothokoza makolo udzayambe ndi dzina langa," anatero akumwetulira. "Mayi ako akugonabe bwino m'kanyumba kakuseri kaja, eti? Mvulatu yayandikira."

Ine katswiri wa malamulo a chuma chamasiye ndinangoti, "Ndamva, bambo." Koma dzinalo dzanja langa likukana kulemba.

Mundipempherere. Mundiuzenso msanga: amayi akathamangitsidwa, kwanuko malo alipo?

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Tadala