Belu la Pasiteshoni ya Mchinji

Kwa Mlonyeni, Mchinji
14 Ogasiti 2003

Wokondedwa mlongo wanga Vitus,

Ndikhulupirira uli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Ndalemba chifukwa cha belu la malemu abambo. Ukukumbukira kuti sitima zitayamba kusowa pasiteshoni, anthu n'kuyamba kuzula zitseko ndi mawindo, abambo analimasula n'kubwera nalo panjinga. Ankati belu limene analiza zaka khumi ndi zisanu, kuyambira tsiku lija amayi athu anavina chimtali polandira sitima yoyamba, silingakasungunulidwe iwo akuona. Anatilamula kuti tidzalibweze siteshoni ikadzapeza oisamala.

Lachiwiri kunabwera munthu wina wovala tayi, akuti dzina lake ndi Jonasi. Anati apanga komiti yokonza siteshoni, aipentenso, muziikidwa zinthu zakale zoti ana asukulu aziona, ndiye wabwera kudzatenga belu lija. Pakamwa pake m'pokoma, amayi mpaka anagwetsa misozi.

Ine mtima sunakhazikike. Nditamuonetsa chithunzi cha abambo atavala yunifolomu, sanachigwire n'komwe. Iye ankangofunsa ngati belulo lili la mkuwa weniweni, ndiponso kuti lingalemere makilo angati. Munthu wosunga mbiri amafunsa makilo?

Ndinamunamiza, Vitus. Ndinati belulo linatayika kalekale. Anangomwetulira, maso ali kunkhokwe.

M'mawa mwake ndinapita kuboma kukafunsa. A Mahomedi, aja a golosale yoyandikana ndi siteshoni, anandiuza kuti komitiyo ilipodi, iwonso alimo, penti anagula kale. Koma Jonasiyo sali nawo. Amangomuona palole ina imene imadutsa ndi zitsulo zakutha kulowera kumalire.

Chondisowetsa mtendere n'chakuti zoti belu linakwiriridwa pansi pa nkhokwe timadziwa atatu: ine, amayi ndi iwe. Amayi sachoka pakhomo. Komanso potsanzika munthuyo anafunsa ngati Vito walemba kalata posachedwa. Dzina limenelo timakuitana a m'nyumba muno tokha.

Sindikukuweruza, mwana wa amayi. Ngati zakuthina kumeneko, nena, tigulitsa mbuzi. Koma undiyankhe zoona: munthu ameneyu unamutuma ndiwe?

Belulo ndalisamutsa, ndipo kumene lili sindilemba m'kalata muno. Ndidzalipereka ndekha kwa a Mahomedi ndi anzawo, anthu akuona, tsiku limene adzaike chitseko chokhala ndi loko.

Undiperekere moni kwa alamu a Luwiza ndi ana onse. Mulungu akusunge, akupatsenso mtima wondiyankha msanga.

Ndine mlongo wako,
Benedicta