Phala la Atate

Kapata,
Chipata.
9 Ogasiti 1994

Okondedwa achimwene a Benson,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndaona kuti ku Kitwe mwaphunzira kulamula. Mukuti ndiwakweze basi amayi mwezi uno adzakhale kwanu, pafupi ndi dokotala wa mtima. Amayi akana, ndipo chifukwa chake simuchikonda.

Chiwaikire atate m'manda, amayi amawaphikirabe phala m'mawa uliwonse, n'kukaika patebulo m'chipinda chawo chija, supuni pambali. Inde, amayi omwewo a chigwirizano, amene ankatikwapula tikangotchula za mizimu. Phalalo limalowa lolimba. Pofika masana limakhala madzi okhaokha, ozuna pang'ono. Iwo amati, "Waona? Atate ako alawa. Ndiwasiyire yani?"

Ine ndinaseka. Zaka zija za ku yunivesite, zimene mumauza anthu kuti ndinangokatayako nthawi, zinandisiyira kanthu. M'malovu a munthu muli chinthu chotchedwa enzaimu. Phala palokha silifulumira kusanduka shuga, koma enzaimu ikalikhudza imalidula msangamsanga, ndipo iyoyo siitha, ikamaliza apa imagwira pena. N'chifukwa chake phala la khanda limasungunuka supuni ikamachoka kukamwa n'kubwerera m'mbale. Chimera chimachita zomwezo mu thobwa. Koma ukaiwiritsa, enzaimu imafa.

Ndinati, "Amayi, ndinu mumalawa n'kubwezamo supuni."

"Ophunzira inu," anatero, "phikani nokha. Likakhala lolimba mpaka masana, ndikwera basi ya Benson."

Ndinaphika. Ufa ndinagula wina pamsika. Chimera m'nyumba muno mulibe. Mphika, mbale, supuni, zonse ndinawiritsa, ndipo pakamwa ndinamanga duku ngati namwino. Ndinavundikira mbale, ndinatseka zenera, ndinakhoma chitseko, kiyi n'kuika pachifuwa. Kenaka ndinakhala pampando pakhomo pomwepo mpaka dzuwa litafika paliwombo. Amayi ankaswa nshawa pabwalo, osandicheukira n'komwe.

Nditatsegula, phala linali madzi. Supuni ndinaisiya kumanja kwa mbale. Ndinaipeza kumanzere. Mukukumbukira dzanja limene atate ankagwirira choko pophunzitsa.

Musandilembere za makoswe, khoswe sabwezera chivundikiro. Ndabwereza kangapo, zomwezo. Dzulo ndinatapa kadontho ka madziwo n'kuthira mu phala lina lozirala, nalonso linasungunuka ndikuona. Kena ndinayamba ndakawiritsa, ndipo sikanachite kanthu. Enzaimu imeneyo ndi yamoyo, achimwene. Ya m'kamwa mwa yani, mabuku anga sananene.

Mukudziwa kuti chibwerere changa kuchokera ku yunivesite ku Lusaka wopanda digiri, atate sanadyeko chakudya chophika ine. Ankakankha mbale n'kumayang'ana kukhoma, mpaka anapita osandiitanapo dzina. Lero amayi anasuzumira m'mbale nati, "Lako amalikonda. Ona, lachepa." Ndinayang'ana mzere umene phala linalekezera m'mawa. Linalidi litachepa.

Choncho basi musaidikire. Mankhwala a amayi tumizani ndi dalaivala wa basi yobwera kuno, ndiziwamwetsa ine. Abusa musawauze, ndipo musabwere kudzandiphunzitsa nzeru, zanga zandikwana. Kuphika kwa m'mawa tsopano ndi kwanga.

Moni kwa alamu anga a Edita, amene ndikudziwa awerenga kalatayi inu musanaione, ndi kwa ana. Amayi akupereka moni. Andiuza kuti ndilembe kuti kuno tonse atatu tili bwino.

Ndalemba.

Ine mlongo wanu,
Zelipa