Nsalu ya Golnesa

Loweruka, 5 Mehr
Tinalipo atatu pachipata: ine mlonda wa mpanda, abwana a Kiani, ndi a Parvizi, dokotala wa nyama. Agwape achuluka mumpanda, msipu watha, ayamba kudya makungwa. Aakazi alipo 31. Abwana akuti akapanda kubayidwa mankhwala olera pofika pa 20 mwezi uno wa Mehr, kubwera alenje. Adokotala andionetsa mfuti yawo yoponya jakisoni. Yosapha! Ndaigwira.

Lachiwiri, 8 Mehr
Sitinabaye ndi mmodzi yemwe. Akangoona yunifolomu yobiriwira, liwiro. Adokotala agwa m'matope. Amvekere, "Achimwene, agwape anuwa anapita kusukulu eti?"

Lachinayi, 10 Mehr
Golnesa, mkazi wanga, watiseka mpaka misozi. Buledi sataya, ndi tchimo, ndiye zaka zonsezi wouma amakakhuthulira kumpanda. Agwape akaona nsalu yake yofunda yamaluwa amabwera okha. Akuti, "Amuna inu, ndevu zokhazo? Afunditseni adokotalawo."

Lolemba, 14 Mehr
Zatheka! Adokotala m'nsalu ya Golnesa, masharubu ali poyera, dengu la buledi kumanzere, mfuti kunsi kwa nsalu. Asanu ndi awiri lero lokha! Wobayidwa amatsala ndi utoto wofiira pantchafu. Ndinaseka kuseri kwa mtengo, chipewa ndili nacho kukamwa.

Loweruka, 19 Mehr
30! Abwana aimba foni pamaso panga, alenje asabwere. Wotsalayo timalize mawa kapena mkuja, atero. Tiyi, shuga, ndi chakudya chotsekemera cha haluwa. Ndavina pang'ono, bondo likuwawa.

Lolemba, 21 Mehr
Wotsala ndi gwape wa khutu long'ambika, amene amadya m'manja mwa Golnesa. Dzulo mkazi wangayo nsalu waichapa, waitsekera m'bokosi, kiyi wamanga m'khosi. Ndinamupempha nsaluyo modekha. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Ameneyo musiyeni abereke. Muno m'nyumba mwakhala zii chikwatiranireni, kuthengonso kukhale zii?"



M'mawa adokotala afunsa ngati ndamuona gwape wotsalayo. Ndati thengo ndi lalikulu. Anasuzumira kuseri kwa shedi, komwe Golnesa ankanyemera gwapeyo buledi, kenako anaika mfuti m'chikwama. Akuti maso awo ayamba kuvuta masiku ano.

Obayidwa 30. Watsala mmodzi.